Mkono utakana, Fear anasamukira pa maikolofoni

Mu 2014, Clinton Loomis wa ku America, yemwe ochemerera amangomuti Fear, anali ndi zaka 26. Timu yake ya Evil Geniuses inali imodzi mwa matimu oopsa pa masewera a pakompyuta otchedwa Dota 2, omwe anthu asanu amalimbana ndi asanu anzawo, aliyense ali pa kompyuta yake. Mpikisano waukulu wa The International uli pafupi kuyamba ku Seattle, mkono wake unakana. Sanagwe, sanathyoke fupa, ndipo palibe amene anamuponda. Ululuwo unachokera pa ntchito yomwe ankagwira tsiku ndi tsiku kuyambira ali mnyamata: kugwira mausi ndi kudina mabatani. Malo ake anatenga Mason Venne, iye n'kukhala kumbuyo monga mphunzitsi, ndipo timuyo inathera pa nambala 3.

Mpikisanowo utatha anabwerera. Mu Ogasiti 2015, Evil Geniuses inagonjetsa CDEC Gaming ya ku China 3-1 mu ndime yomaliza n'kutenga ndalama zoposa madola 6 miliyoni. Fear anali ndi zaka 27, ndipo anthu anali atayamba kale kumutchula nkhalamba, pomwe mnzake wa mu timu yomweyo, SumaiL wa ku Pakistan, anali ndi zaka 16 zokha. Mu 2016 anasiyanso kusewera n'kukhala mphunzitsi, kenako anabwereranso kwa kanthawi. M'zaka zotsatira anthu anayamba kumuona atavala jekete, maikolofoni ili pakamwa, akufotokozera owonera zimene zikuchitika m'mipikisano ikuluikulu.

Ambiri amaseka akamva kuti munthu wavulala atakhala pampando. Madokotala a mafupa ndi minyewa saseka.

Katswiri wa masewerawa amatha kudina ndi kusuntha mausi kokwana 500 kapena kuposa pa mphindi imodzi, ndipo amachita zimenezi maola ambiri pa tsiku, sabata yonse. Minofu ikuluikulu yopinda ndi kuwongola zala sili m'zalamo, ili pa mkono pakati pa chigongono ndi dzanja, ndipo imakoka zala kudzera m'minyewa yaitali. Pa mfundo ya dzanja pali kanjira kopapatiza komwe achipatala amakatcha carpal tunnel. M'kanjirako mumadutsa minyewa 9 pamodzi ndi mtsempha umodzi wonyamula mauthenga pakati pa dzanja ndi ubongo. Mukangotupa pang'ono malo amachepa, mtsempha uja n'kupanikizika. Munthu amayamba kumva dzanzi pa chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, makamaka usiku, ndipo matendawa akakula kapu ya tiyi imatha kumupulumuka m'manja.

Mtsempha wina umadutsa kuseri kwa chigongono, pamalo paja pamachita ngati magetsi munthu akagunda pa chitseko. Kupinda chigongono nthawi yaitali kapena kuchitsamiritsa pa tebulo kumaufinya, ndipo dzanzi lake limamveka pa kachala kakang'ono ndi koyandikana nako. Vuto la mtundu umenewu ndi lomwe linagwira Lee Sang-hyeok wa ku South Korea, wodziwika kuti Faker, yemwe ambiri amamuyesa katswiri woposa onse pa masewera a League of Legends. Mu Julayi 2023 anapuma pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo timu yake ya T1 inagonja masewera 7 mwa 8 omwe inasewera iye kulibe. Atalandira chithandizo anabwerera, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anatenga chikho cha dziko lonse ku Seoul.

Jian Zi-Hao wa ku China, wotchedwa Uzi, sizinamuyendere choncho. Mu Juni 2020, ali ndi zaka 23, analengeza kuti akusiya kusewera. Kuwonjezera pa dzanja lovulala, anali atapezeka ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, ndipo iye mwini anatchula kugona mochedwa, kudya mosasamala ndi kupanikizika maganizo. Anayesa kubwerera patapita nthawi, koma sanafikenso pomwe anali.

Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti achinyamatawa amapirira mwakachetechete. Akatswiri a ku New York Institute of Technology, motsogozedwa ndi Joanne DiFrancisco-Donoghue, anafunsa osewera 65 a m'mayunivesite a ku America ndi Canada, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Mwa osewera 100 alionse, 56 anadandaula za kutopa kwa maso, 42 za khosi ndi msana, 36 za mfundo ya dzanja. Opita kukaonana ndi dokotala anali awiri okha pa 100. Gulu lomwe anafunsalo linali laling'ono, komabe chithunzi chake n'chomveka. Wosewera mpira wamiyendo akadzimva kuwawa amathamangira kwa dokotala wa timu, pomwe wa pakompyuta amangokutumula dzanja n'kuyamba gemu ina. Anyamata omwe amaswera tsiku lonse pa PlayStation m'timashopu ta ku Ndirande kapena ku Area 25 ali ndi minyewa yofanana ndi ya Faker, koma alibe dokotala wowayang'anira.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wa zaka 27 amatchedwa nkhalamba? Mu 2014, Joseph Thompson ndi anzake a ku Simon Fraser University ku Canada anasanthula masewera a anthu 3,305 a zaka za pakati pa 16 ndi 44 omwe ankasewera StarCraft 2. Anayeza nthawi yomwe imadutsa kuchokera pamene munthu wayang'ana malo atsopano pa sikirini kufika pamene wachitapo kanthu. Anapeza kuti liwiro limeneli limayamba kutsika munthu akafika zaka pafupifupi 24. Koma anaonanso chinthu china chomwe anthu satchula kawirikawiri: osewera okulirapo ankabweza liwiro lotayikalo ndi nzeru, pogwiritsa ntchito njira zachidule za pa kiyibodi ndi kufewetsa kaseweredwe kawo. Dzanja limachedwa, koma luso lowerenga masewera limatsala, ndipo mwina limakula kumene.

Luso limenelo ndi lomwe makampani oulutsa mipikisano amalifuna. Nthawi zambiri oulutsa amakhala awiri. Wina amathamanga ndi zochitika, kukweza mawu nkhondo ikafika pachimake, monga amachitira oulutsa mpira pa wailesi. Winayo, yemwe kawirikawiri amakhala wosewera wakale, amafotokoza chifukwa chake: waona kale kuti timu iyi yatchera msampha, ndipo amauza owonera usanafwamphuke. Si onse amafika pampandowu chifukwa chovulala. Chad Burchill wa ku Australia, wotchedwa SPUNJ, anasiya kusewera Counter-Strike mu 2016 n'kukhala mmodzi mwa oulutsa odziwika a masewerawo, ndipo Marc Lamont wa ku Britain, Caedrel, anayamba kuulutsa ligi ya League of Legends ya ku Ulaya mu 2021 atasewerapo iye mwini mu ligiyo.

Ntchito yatsopanoyi imapumitsa dzanja, koma katundu amasamukira pa mmero. M'kholingo muli timinofu tiwiri tomwe timagundana mpweya ukamadutsa, ndipo kugundanako ndiko kumatulutsa mawu. Mwa mwamuna timagundana koposa 100 pa sekondi imodzi, mwa mkazi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Munthu akamakuwa timamenyana mwamphamvu. Ndime yomaliza ya Dota 2 imatha kufika magemu asanu, iliyonse mphindi 40 kapena kuposa, m'bwalo lodzaza phokoso lomwe limachititsa woulutsa kukweza mawu osazindikira. Zikapitirira miyezi, pa timinofuto pamamera tizotupa tolimba, monga momwe mpini wa khasu umalimbitsira chikhatho. Mawu amasasa, amathera panjira, ndipo kuyankhula kumatopetsa. Aphunzitsi, alaliki, oimba ndi oitanira minibasi amalidziwa bwino vutoli.

Tizotupati kawirikawiri sitifuna opaleshoni. Timachepa munthu akapumitsa mawu, akamamwa madzi okwanira, akapewa utsi wa fodya, ndiponso akaphunzira kutulutsa mawu ndi mpweya wochokera pansi pa chifuwa m'malo mofinya khosi. Kunong'ona sikuthandiza monga ambiri amaganizira, chifukwa nakonso kumatha kuumiriza kholingo. Dzanja nalo limafuna zofanana: kupuma pafupipafupi, kulimbitsa minofu ya mkono pang'onopang'ono, ndi kukhala moti mfundo ya dzanja isapindike pogwira mausi. Dzanzi lomwe likudzutsa munthu usiku, kapena mawu osasa kupitirira milungu itatu, n'zofunika kuti dokotala azione, chifukwa mtsempha ukafinyika nthawi yaitali minofu ya m'munsi mwa chala chachikulu imafota ndipo mphamvu zake sizibwerera zonse.