Sipika yoti ipirire fumbi ndi dzuwa la ku Phalula

Kuno ku Phalula, m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Balaka ndi Zalewa, sipika ya Bluetooth inasanduka chida chogwirira ntchito. Wakabaza amaimangirira pahandulo, wometa amaipachika pamsomali, wogulitsa kaunjika amajambula mawu ake pa memori khadi kuti iziitana makasitomala iye akupumitsa pakhosi. Akwaya nawo amaphunzirirapo nyimbo. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa masipikawa safika chaka. Ndimawaona ataunjikana kwa mnyamata wina wokonza mafoni amene ndimakonda kucheza naye, ndipo zimene ndaona iye akamawamasula ndi zimene ndikufuna mudziwe musanatulutse ndalama zanu.

Chimene chimakola anthu ambiri ndi nambala ya pakatoni. Kasipika kokwana m'dzanja limodzi mupeza kalembedwa 1000W, pambali pake pali timalemba takuti PMPO. Nambala imeneyo ndi ya mphamvu yongothwanima kamodzi n'kutha, ndipo ilibe muyezo umodzi wogwirizana. Aliyense wopanga amalemba mmene wafunira. Yodalirika ndi ya RMS, chifukwa imanena mphamvu imene sipika imatulutsa mosalekeza. Masipika abwino onyamula m'manja ambiri amakhala pakati pa mawati 5 ndi 40 a RMS. Komanso mawati akachuluka kawiri, mawu amangokwera ndi madesibelo 3, omwe khutu limawamva ngati kusintha kochepa. Kuti mumve ngati mawu akwera kawiri, mphamvu iyenera kuchuluka pafupifupi kakhumi. Ndiye musalipire ndalama zambiri chifukwa cha nambala yokha.

Yesani ndi makutu anu, ndipo yeserani panja. M'sitolo makoma amabweza mawu, sipika iliyonse imamveka ngati yamphamvu. Pemphani kutuluka nayo pakhonde, ilumikizeni ku foni yanu, ikani nyimbo imene mumaidziwa bwino, kwezani mpaka pamapeto. Ikayamba kusasa kapena kunjenjemera, isiyeni. Kenako ikani mawu a munthu akulankhula, kaya ulaliki kaya nkhani, pakuti masipika ena bezi ndi yambiri koma mawu a munthu amamira. Yendani ndi foniyo mapazi angapo. Bluetooth yabwino imagwira mpaka mamita pafupifupi 10 osadukiza.

Koma nkhani yaikulu kwa ife ndi batire. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira ndi magetsi. Ambiri kuno amatchajitsa pa sola kapena kulipira kwa otchaja mafoni pamsika, choncho sipika yotha moto masana ndi yodya ndalama tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina mnyamata uja anamasula sipika yaikulu ndithu, yolemera, yolembedwa 10,000mAh. M'kati tinapezamo kabatire kamodzi kokha, kaja kozungulira kotalika ngati chala, kamene amakatcha 18650, katakulungidwa m'pulasitiki ya buluu. Pansi pake anamatapo chidutswa cha chitsulo ndi guluu, ntchito yake kungolemeretsa kuti wogula aziti wapeza katundu weniweni. Batire ya 18650, ngakhale yapamwamba kwambiri, sipitirira pafupifupi 3,500mAh. Mwini sipikayo anali mayi wogulitsa zitumbuwa, ndipo anangogwira pakamwa. Zinandiwawa, chifukwa ndikudziwa kuti ndalama imeneyo inachokera m'zitumbuwa zingati.

Dziwaninso kuti maola olembedwa pakatoni kawirikawiri amayezedwa mawu ali pakatikati. Mukakweza mpaka pamapeto, timagetsi tamitundumitundu tija tikuthwanima, maolawo amatsika kwambiri. Timagetsito muzitithimitsa. Ndipo musanagule tembenuzani sipikayo muone ngati ili ndi masikuluwu. Batire iliyonse ya lithium imafooka ikatchajidwa maulendo mazana angapo. Sipika yomasuka ndi sikuludiraiva mungaisinthe batire, pomwe yomatidwa ndi guluu mbali zonse nthawi zambiri imathera kudzala.

Kutentha ndiye mdani wina wa batire, ndipo dzuwa la Okutobala ndi Novembala kuno simufunika kuuzidwa. Ndimaona anthu ataika sipika padenga la malata pambali pa sola, dzuwa likuswa mtengo. Sola ikhale padzuwa, sipika ikhale pamthunzi. Musailumikize mwachindunji ku batire ya sola ya mavoti 12 pomwe iyo imafuna 5. Batire yake ikatupa, lekani kuitchaja, ingathe kuyaka. Pabowo potchajira napo pamathyoka msanga. Pa USB-C, polowa waya mbali iliyonse, pamapirira kuposa pakale paja pa micro-USB.

Za fumbi ndi madzi, yang'anani zilembo IP ndi manambala awiri otsatira. Yoyamba ndi ya fumbi, yachiwiri ya madzi. IP67 ndiye kuti fumbi sililowa, ndipo ingakhale m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Pa IPX7, X uja akusonyeza kuti za fumbi sanayeze. Kwa ife amene timakhala miyezi yambiri ya chilimwe m'fumbi, nambala yoyambayo ndi yofunika kuposa yachiwiri.

Pali chinanso chimene a m'tauni amaiwala. Masipika ambiri odula a JBL kapena Sony alibe wailesi ya FM, alibenso polowetsa memori khadi kapena fulashi. Ngati mumafuna kumvera mpira kapena nkhani pa Zodiak ndi MBC osawononga bandulo, yotchipirapo yokhala ndi zimenezi ingakuthandizeni kwambiri. Kwa abale anga akabaza ndili ndi pempho limodzi: pa M1 pamadutsa mathiraki, chonde mawu asakwere mpaka kubisa hutala. Samalaninso makutu anu: bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata ndiwo malire otetezeka kwa makutu a munthu wamkulu.

Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera mtengo, ndipo mafeki anapeza msika. Mukaona sipika ya dzina lalikulu pamtengo wongotola, dziwani kuti dzinalo ndi lomata. Ine ndingasankhe ya dzina losatchuka koma yonena zoona za mawati ndi batire yake. Pogula itanitsani lisiti lolembedwa tsiku ndi masiku obwezera, chifukwa ndilo umboni wanu mukafuna kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Wogulitsa akakana kuti muyesere panja kapena akakana kulemba lisiti, bwezani ndalama zanu m'thumba mukagule kwina.