Wobwera ndi Mkazi Kucokera Kunja: Mudzamdyetsa Ciani?

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe wa m'boma la Mchinji.

Masiku onse ndikabwera pano timakamba za mizere, za manyowa, ndi za anankafumbwe m'nkhokwe. Lero ndabwera ndi nkhani imene ena adzati si ya mlangizi. Koma dikirani pang'ono, mudzaona kuti ikathera kumunda komweko.

Tsiku lina ndinali kuyendera minda ya mtedza m'dera la Mfumu Mkanda, ndipo ndinapeza mnyamata atakhala pamzere, khasu liri pambali. Mnyamatayu anakhala ku Joni zaka 6 akugwira nchito ya m'maluwa. Komweko anakwatira mkazi wa ku Zimbabwe, ndipo ali ndi mwana mmodzi. Pobwera anagula malata ndi njinga yamoto, ndalama zotsala anazisunga m'nyumba. Atapita kukapempha cilolezo cakuti mkazi wace akhale m'dziko muno, anamfunsa funso limene sanaliyembekeze: mkaziyu mudzamdyetsa ciani? Iye anati ndinali pa nchito ku Joni. Anamuuza kuti nchito ya ku Joni inatsala ku Joni, aonetse cimene akupata kuno. Anati ndiri ndi munda. Anamfunsa pepala losonyeza zimene mundawo umampatsa. Analibe. Anabwerako manja ali m'khosi, pamene munda wace ndinauona ndi maso anga, maekala atatu olimidwa bwino koposa minda ya anzace.

Ife a kuno kumalire zotere zimatidabwitsa. Kucokera pa boma la Mchinji kufika pa cipata ca Mwami ndi mtunda wakuti munthu apita pa njinga nabwerako dzuwa lisanapendeke. Acewa a kuno ndi a ku Chipata ndi ku Katete mfumu yao yaikulu ndi imodzi, Kalonga Gawa Undi, ndipo mwezi wa August timapita tonse ku Mkaika kukalamba. Angoni a kwa Zulu ndi a kwa Mlonyeni ali pa cibale ndi a kwa Mpezeni. Alipo anthu amene nyumba yao iri ku Malawi koma citsime ciri ku Zambia. Makolo athu anakwatirana uku ndi uko osafunsa munthu. Pa nthawi ya Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia anali pansi pa boma limodzi. Koma m'caka ca 1964 Malawi analandira ufulu pa 6 July, Zambia pa 24 October, ndipo dziko liri lonse linaika malamulo ace a anthu olowa ndi oturuka. Kuyambira pamenepo mkazi wa ku Chipata, ngakhale alankhule Cicewa coposa ine, pamaso pa lamulo ndi mlendo. Ukwati wokha sumsandutsa nzika.

Tsono mlendo amakhala bwanji m'dziko? Pali makwerero. Wocokera ku Zambia, ku Zimbabwe kapena ku South Africa akalowa ndi pasipoti amamdindira masiku 30, ndipo akhoza kukaonjezetsa kufikira masiku 90. Kapepala kaja kodutsira pa cipata, kamene timatenga popita kumaliro kapena kumsika ku Chipata, ndi ka ulendo waufupi, si kokhalira pa banja iai. Masiku 90 akatha pali cilolezo cokhala kwa kanthawi, cimene a ku ofesi amacicha Temporary Residence Permit, ca miyezi 6. Pamwamba pace pali cilolezo cokhazikika, Permanent Residence Permit, ndipo ici ndico ayenera kulinga munthu amene wabwera kudzamanga banja. Unzika umadza pambuyo pa zonsezi. Zilolezo izi zimaperekedwa ndi ofesi ya boma yoona za olowa ndi oturuka m'dziko. Mfumu singapereke, mlangizi sangapereke, ngakhale m'busa amene anadalitsa ukwatiwo sangapereke.

Zina mwa zimene amafuna ndi pasipoti ya mlendoyo, zithunzi, mtsiriro wa ukwati, kalata ya dokotala, kalata ya apolisi a kwao yonena kuti alibe mlandu, ndi umboni wa ndalama. Kalata ya apolisi ija, inu amene muli kunja mukumva nkhani ino, itengeni musananyamuke. Kuikumbukira muli pa Kamwendo ndiye kuti wina abwerere ku Harare, ndipo ndalama ya feteleza idzathera m'basi.

Tsopano tifike pa umboni wa ndalama, pakuti ndipo ambiri amagwa. Musaganize kuti boma lathu lokha ndilo liri ndi mtima wouma. Dziko liri lonse limaopa kulandira munthu amene mawa adzasowa womsunga. Ku Britain, kuyambira 2012 nzika yofuna kubwera ndi mkazi kapena mwamuna wakunja inayenera kuonetsa kuti imalandira mapaundi 18,600 pa caka, ndipo mu April 2024 anakweza kufika pa mapaundi 29,000. Ngati nzikayo inali pa nchito kunja, malipiro a kunjawo paokha sakwanira: iyenera kuonetsanso kalata yakuti yapeza nchito kwao, yoyamba isanathe miyezi 3 cibwerere. Ku America nakonso, malipiro a nchito imene idzatha munthu akasamuka saawerengera. Mwaona tsono kuti funso limene anafunsidwa mnyamata wa kwa Mkanda uja amafunsidwanso mzungu kwao. Wa ku ofesi safuna kudziwa zimene munadya dzana. Afuna kuona kasupe amene adzaturutsabe madzi caka camawa.

Akuluakulu amene anapita ku migodi pa Wenela adzakumbukira kuti gawo la malipiro ao linkasungidwa, nadzalilandira atafika kuno kumudzi, zonse zolembedwa. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu athu oposa 70, ndipo wa Theba umene unatsatira unatha mu 1988. Anyamata a lero amapita okha. Ambiri amagwira maganyu opanda cikalata, malipiro amalandirira m'manja, ndipo pobwera alibe pepala ngakhale limodzi losonyeza kumene ndalama zao zinacokera. Ena anabwera cothawa pa zipolowe za 2008 ndi 2015, atasiya zonse. Amene muli nako kapepala ka malipiro, kalata ya bwana wanu, kapena malisiti a Mukuru a ndalama zimene munali kutumiza kumudzi, musakolezere moto. Mapepala amenewo sanena za mawa, koma amasonyeza kuti ndalama zimene muli nazo si zakuba.

Za mawa zimanenedwa ndi munda. Kwa ife alimi munda ndiwo nchito yathu, ndipo ine ndinena mosaopa kuti mlimi wa maekala atatu a mtedza ndi soya, wolima mosamala, amaposa kalaliki wa m'tauni wolipira lendi. Kusiyana kwace nkwakuti kalaliki ali ndi pepala mwezi uli wonse, pamene mlimi cuma cace sicisiya mapazi. Wakolola matumba 20 a mtedza. Kwabwera venda ndi sikelo yace pansi pa mtengo, wagula matumba 8, ndalama m'manja, lisiti palibe. Matumba ena aoloka malire usiku pa njinga, m'njira zozemba. Amenewo ndiye musawachule konse ku ofesi, ndipo lekani kutero. Pofika October mlimi uja wagulitsa zonse, koma akafunsidwa kuti munapata zingati, ayamba kuwerenga zala.

Cifukwa cace ndikupemphani kuti muyambe ndi kope wamba la ana a sukulu. Lembani tsiku lobzala, mbeu imene mwagula, feteleza, aganyu, matumba amene mwakolola, tsiku logulitsa, wogula ndi mtengo wace. Kope lokha si umboni wokwanira, pakuti munthu akhoza kulemba ciri conse, koma likagwirizana ndi malisiti limalemera. Gulitsani kumene amapereka lisiti: ku kalabu ya NASFAM, ku kopaletivi, ku ADMARC pamene msika watsegulidwa, kapena kwa wogula wa laisensi amene ali ndi buku la malisiti la cidindo. Alimi a fodya pamenepa ali ndi mwai. Dzina lao linalembedwa kale ku bungwe loyang'anira fodya, ndipo mabelo akagulitsidwa ku Kanengo kapena ku Chinkhoma amalandira pepala losonyeza makilogalamu, mtengo ndi zodulidwa, ndalama nizidzera ku banki. Koma cenjerani: wogulitsa fodya wace pa nambala ya mlamu wace, pepala limachula mlamuyo, iye alibe kanthu.

Ndalama mukalandira, zidutse ku banki m'dzina lanu. Ndidziwa kuti banki iri kutali kwa wa ku Kapiri kapena wa ku Mkanda, koma masiku ano ndalama zimacoka pa foni kulowa ku akaunti, ndipo za pa Airtel Money ndi pa Mpamba nazo zimalembeka. Buku la banki mkhonde lisungeni, likhoza kuthandizira, ngakhale silingalowe m'malo mwa sitetimenti ya ku banki. Cinthu cimodzi musacite: kubwereka ndalama zambiri kwa wamalonda, kuziika ku akaunti Lolemba, kutenga sitetimenti Laciwiri, ndi kuzibweza Lacitatu. Amene amawerenga mapepala amenewa anaona zotere kambirimbiri. Akaunti imene yagona miyezi isanu nidzuka tsiku limodzi ndi mamiliyoni imadzinenera yokha.

Bvuto lina la ife alimi ndi lakuti ndalama zimabwera kamodzi pa caka. Sitetimenti ya July imasekerera, ya February imalira. Apa ndipo dimba lithandiza. Amene muli pafupi ndi Bua, ndi Rusa, kapena ndi dambo liri lonse losaphwa, bzalani tomato, kabichi, anyezi ndi cimanga cacisanu, kuti mwezi uli wonse kalowe kanthu. Nkhumba ziwiri zazikazi ndi mbuzi zingapo zimatseka miyezi ya njala. Ndalama za ku Joni zisandutseni zinthu zobala. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Amene anasintha marandi ace nakwirira makwacha m'nyumba anadzuka m'mawa atasauka asanagule kanthu. Njinga yamoto ndi yabwino, sindikana, koma ngati ndi ya kabaza lembani zimene ikubweretsa tsiku ndi tsiku.

Nthawi yobwerera nayo muiganizire. Anyamata athu amakonda kufika pa Khirisimasi, anthu aone masutikesi. Pamenepo mvula yagwa kale, anzanu akupalira, ndipo caka cimeneco catayika. Wanzeru amafika mu September. Asosa, agalauza, abzala ndi mvula yoyamba. Masiku 90 a mkazi wace adzatha mu December. Asanathe, apita naye ku ofesi ndi ndalama zosunga zija ziri ku banki, napempha cilolezo ca miyezi 6. Cimeneco cimfikitsa mu June, pamene mtedza wakumbidwa, soya wapunthidwa, ndipo malisiti oyamba ali m'manja. Apo tsono ali ndi cakuonetsa. Musadikire kuti masiku athe. Wopitiriza masiku amalipitsidwa, ndipo akhoza kubwezedwa kwao, mwana ali kumsana.

Ndanena za mwamuna wobwera ndi mkazi cifukwa ndiwo ambiri, koma alipo ana athu aakazi amene abwera ndi amuna a ku Zambia kapena ku Mozambique. Mwa mwambo wa cikamwini palibe cacilendo: mkamwini amanga kwa mkazi nalima munda wa apongozi. Koma nayenso afunika cilolezo, ndipo munda ndi malisiti zikhale m'dzina la mkaziyo, amene ali nzika. Kwa wobwera ndi mkazi pa citengwa, amalume ndi mbumba agwirizane msanga kuti munda wace ndi uti, malire ace adziwike, asadzalime caka cimodzi nalandidwa.

Tsono ndilankhule ndi inu mafumu ndi anyakwawa, eni ace a mudzi. Kalata yanu ya cidindo iri ndi nchito yace. Mukhoza kucitira umboni kuti uyu ndi mwana wa m'mudzi muno, kuti munda wakutiwakuti ndi wace, kuti ankhoswe a mbali zonse anakumana ndipo ukwati ukudziwika. Lamulo la maukwati la 2015 limabvomereza ukwati wa mwambo pamodzi ndi wa ku chalichi, wa ku mzikiti ndi wa kwa D.C., koma ukalembetsedwe kuti pakhale mtsiriro. Zimenezi lembani, pakuti nzoona. Koma adzabwera wina usiku ndi nkhuku kukhwapa, nadzati, Gogo, mungolemba kuti mkaziyu anabadwira m'mudzi muno, atenge citupa ca unzika, nkhani ithe. Ciyambire kalembera wa 2017 citupa cimeneci ndico cimatsegula zambiri, feteleza wotsika mtengo ndi zina, ndipo ndidziwa kuti mumacita cifundo. Musalembe. Kunama pa kalembera ndi mlandu kwa wolembedwa ndi kwa wocitira umboni yemwe. Bodzalo likaululika, mwina pa mkangano wa munda kapena mwamuna atamwalira, amene adzabvutika koposa ndi mkazi yemweyo ndi ana ace, ndipo cidindo canu sicidzakhulupirikanso ku boma.

Njira yoongoka iripo, ndipo tsopano yapepukako. Mu December 2018 Nyumba ya Malamulo inabvomereza kuti munthu akhale nzika ya maiko awiri, ndipo Zambia analola zimenezi mu 2016. Mwana wobadwira kunja, amene atate wace kapena amai wace ndi Mmalawi wobadwa, ali ndi ufulu wa unzika wa kuno. Tengani kalata yace yobadwira mukamlembetse. Ndalama iri yonse yolipira ku ofesi muilandirire lisiti ya boma, ndipo musapatse mapepala anu kwa anyamata oima panja amene amati adziwana ndi bwana.

Mnyamata wa kwa Mkanda uja tinakhala naye pansi tsiku lomwelo. Tinayeza munda, tinalemba m'kope zimene anakumbukira, ndipo analowa kalabu ya m'mudzi mwao. Amene mufuna kuti tiyeze minda yanu ndi kukuonetsani kalembedwe ka kope, uzani a mfumu anu aitane mlangizi wa dera lanu, ndipo pobwera mutenge malisiti onse amene muli nao, ngakhale ong'ambika.