Kodi kujambula si sukulu?

Tayang'anani khoma la golosale yanu, inu amalonda. Amene anajambula buledi ndi botolo la Fanta pamenepo anaphunzira kuti? Ndikafunsa anyamata a penti mu Limbe, ambiri amati luso analitola okha, kumapeto kwa kope la masamu, aphunzitsi asakuona.

Mwana akafika Folomu 3 n'kumasankha maphunziro, makolo amangoti sayansi basi, zojambulazo n'zamasanje. Sukulu zambiri nazo zilibe mphunzitsi wake, ngakhale burashi imodzi. Chonsecho ku Mua, Bambo Claude Boucher anatsegula Kungoni mu 1976, ndipo ziboliboli za osema a kumeneko zinafika mpaka m'matchalitchi a kunja. Ku Chongoni, m'boma la Dedza lomwelo, akale anajambula pamiyala m'malo 127, amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Alendo amakwera ndege kudzaona zimenezi. Ife mwana akajambula ng'ombe timamukalipira kuti akutha kope.

A Unduna wa Zamaphunziro, ine sindikupempha zambiri ayi: aphunzitsi, mapepala ndi penti. Ndipo inu a Folomu 2 amene dzanja limakuyabwani, musanalembetse maphunziro kafunseni ahedi ngati Technical Drawing ilipo.