Madzi Ukawapatutsa Amalowa kwa Mnansi

Amene anakumbapo ngalande kuseri kwa nyumba m'dzinja akudziwa kuti madzi sathera pomwepo. Ukawaletsa kulowa pakhonde pako, amakhotera m'munda mwa mnansi. Kachitsulo kotchedwa muzzle brake, kamene alenje ena amamanga kukamwa kwa mfuti zikuluzikulu, ndi ngalande yoteroyo.

Tengani mfuti ya zipolopolo za .375 H&H Magnum, zimene Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912 ndipo mpaka lero zikugwetsa njati m'chigwa cha Luangwa. Ikalira, imabwezera mwini wake chibakera cha paphewa. Kukankhako kumachokera pawiri: chipolopolo, ndi mpweya wotentha wa onga umene umachithamangira pambuyo. Kachitsulo kaja kali ndi timabowo m'mbali, ndiye mpweyawo umapatukira kumanja ndi kumanzere, wina chakumbuyo. Phewa limapumadi, ndipo munthu amasiya kutsinzina asanawombe.

Nanga madzi aja alowera kuti? M'khutu. Phokoso ladzidzidzi likafika madesibeli 140 likhoza kuvulaza khutu nthawi imodzi yokha, pomwe mfuti zazikuluzi zimapitirira 160 zisanaikidwe kalikonse. Kachitsuloka kamawonjezerapo, chifukwa mkokomo umene ukanapita kutchire tsopano wabwerera kwa wowombayo. Musanyengedwe ndi kuchepa kwa manambala: madesibeli atatu okha akawonjezeka, mphamvu ya phokoso yachuluka kawiri.

M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ndi titsitsi tosaoneka ndi maso, timene timalandira mawu. Timaseloti tili ngati msipu wa pabwalo. Kuuponda kamodzi, mawa wadzuka. Kumadutsapo tsiku ndi tsiku, papanga njira. Kusiyana kwake n'kwakuti msipu umaphukanso mvula ikagwa, koma timaseloti tikafa tafa. Zimayamba ndi kulira kwa m'makutu kosaleka ngati nyenje, kenaka munthu amayamba kudandaula kuti adzukulu sakulankhula momveka. Wowombera paphewa lamanja kawirikawiri amayamba kugontha khutu lamanzere, poti lamanja limabisala kuseri kwa mutu.

Chimene chimandiwawa ndi mnansi uja. Wolondola mapazi a nyama, kapena wotsogolera ulenje, amaima chapambali penipeni pamene mpweya ukutulukira. Sanagule mfutiyo, phewa lake silinapindule kanthu, koma khutu lolipira ndi lake. N'chifukwa chake otsogolera ulenje ambiri sakakonda kachitsuloka, ndipo ine ndili kumbali yawo.

Poyeserera kuwomba, valani ziwiri: zotsekera za siponji zolowa bwino m'kati, ndi zophimba makutu zonga mahedifoni pamwamba pake. Kuphatikiza sikutanthauza kuti chitetezo chawirikiza, kumangowonjezera madesibeli pafupifupi asanu, koma kumathandiza pamene thako la mfuti lakankha chophimbacho n'kusiya mpata. Thonje lisiyeni, silitchinga mokwanira.

Kutchire n'kovutirapo, chifukwa mlenje ayenera kumva tsekera likuthyoka. Zilipo zophimba za mabatire zimene zimalowetsa manong'onong'o koma n'kutseka mfuti ikalira. Gulani zokwanira onse oima pafupi. Apo ayi, masulani kachitsuloko musanalowe m'thengo, koma muyambe mwayesanso mfutiyo pa chandamale, chifukwa chipolopolo chikhoza kusintha pogwera.