Matenda a shuga: ntchito ya namwino imapitirira kunyumba kwanu

Tsiku lina m'bandakucha ndili pantchito, achibale anafika kuchipatala atanyamula bambo a zaka za m'ma 60. Thukuta linali kamukamu, ankalankhula zosamveka komanso ankakankha aliyense wowagwira. Mwana wawo ankati ndi sitiroko. Mlamu wawo ankati alawa mowa kumaliro. Mayi akunyumba ankangolira, akuti ndi zaanthu.

Namwino sanachulutse mafunso. Atangoona m'kabuku ka kuchipatala kuti bambowa amamwa mapiritsi a shuga, anawabaya pachala n'kuika kadontho ka magazi pamakina. Shuga anali atatsikiratu. Tinawapatsa madzi a shuga kudzera mumtsempha, ndipo pasanapite nthawi anatsegula maso n'kufunsa kuti afika bwanji kuchipatala. Dzulo lake anamwa mankhwala monga mwa masiku onse, koma anachezera pasiwa osadya kanthu.

Achibale aja akanadziwa zizindikirozi, masipuni ochepa a shuga akanathetsa vutoli kumudzi komweko, bambowo asanafike poipa. N'chifukwa chake ndikulembera inu amene mukudwala shuga, komanso inu amene mukusamalira mayi, bambo, mwana kapena mnzanu wapabanja. Kukiliniki mumaonana nafe mphindi zochepa chabe. Masiku ena onsewo, namwino ndinu.

Chimachitika n'chiyani m'thupi?

Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa ndi buledi zikagayika m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Kuti shugayu achoke m'magazi n'kukagwira ntchito m'minofu, pamafunika insulini, amene amapangidwa ndi kapamba. Insulini ali ngati munthu wotuta chimanga pabwalo kupititsa m'nkhokwe. Wotuta akasowa, chimanga chimangounjikana panja n'kumaonongeka, pomwe m'nyumba anthu akugona ndi njala.

Pa shuga wa mtundu woyamba, amene kawirikawiri amayamba munthu ali mwana kapena wachinyamata, kapamba amasiya kupanga insulini. Munthu wotere amafunika jakisoni wa insulini tsiku lililonse kwa moyo wake wonse. Pa mtundu wachiwiri, umene uli wofala kwambiri, insulini amakhalapo koma sakwanira kapena thupi silimumvera. Apa timayamba ndi kusintha kadyedwe ndi mapiritsi monga metformin ndi glibenclamide, ngakhale ena amadzafunikanso jakisoni. Palinso shuga amene amayamba mayi ali woyembekezera.

Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ngakhale usiku, kuonda koma ukudya, kufooka, kuona mwachimbuuzi, zilonda zosapola msanga ndi kuyabwa kumalo obisika. Komabe ambiri a mtundu wachiwiri amakhala zaka osamva kalikonse. Munthu timamuganizira kuti ali ndi matendawa ngati shuga wake wa m'mawa asanadye wafika 7.0 mmol/L, komwe ndi 126 mg/dL pa makina ena, kapena ngati nthawi ina iliyonse wafika 11.1 mmol/L, komwe ndi 200 mg/dL, alinso ndi zizindikiro. Funsani namwino kuti makina amene akuyezerani amawerenga mwa njira iti, kuti manambala asakusokonezeni.

Matendawa si a anthu olemera okha. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga.

Shuga akatsika, musachedwe

Ichi ndi chinthu choyamba chimene namwino amayang'anira m'wodi, chifukwa chimapha mofulumira. Shuga timati watsika akafika pansi pa 3.9 mmol/L kapena 70 mg/dL. Zimachitika kwambiri kwa amene amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide, makamaka akaphonya chakudya, akagwira ntchito yolemetsa monga kulima tsiku lonse, akamwa mowa osadya, kapena ngati ali okalamba ndipo impso zawo zafooka.

Munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, mtima umagunda kwambiri, amamva njala yadzaoneni ndi chizungulire. Zikapitirira amakwiya popanda chifukwa, amaoneka ngati woledzera, amatha kugwa ngati wakhunyu kapena kukomoka.

Ngati akutha kumeza, sungunulani masipuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi n'kumupatsa, kapena theka la kapu ya chakumwa chotsekemera cha m'botolo. Dikirani mphindi 15. Ngati sanasinthe, bwerezani. Akayamba kupeza bwino mupatseni chakudya chenicheni monga phala, nsima kapena mbatata. Ngati mulibe makina oyezera ndipo mukukayika, mupatsenibe shugayo. Masipuni ochepawa sangamuvulaze ngakhale shuga atakhala wokwera, koma kudikira shuga ali pansi kungaononge ubongo.

Ngati wakomoka, musamuthire chakumwa m'kamwa chifukwa chingalowe m'mapapo. Mugonekeni chammbali, mupakeni shuga wonyowetsa pang'ono m'kati mwa tsaya, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Amene amamwa glibenclamide apite kuchipatala ngakhale atatsitsimuka, chifukwa mankhwalawa amakhalitsa m'thupi ndipo shuga amatha kutsikanso patapita maola.

Masiku odwala

Malungo, chibayo, kutsegula m'mimba ngakhale chithupsa zimakweza shuga. Cholakwika chimene timachiona kawirikawiri n'choti wodwala akasiya kudya, achibale amamusiyitsanso insulini. Kwa munthu wa mtundu woyamba, zimenezi n'zoopsa kwambiri. Thupi likasowa insulini limayamba kuphwanya mafuta, ndipo magazi amadzaza ndi asidi. Munthu amasanza, amamva m'mimba kupweteka, amapuma mozama komanso mofulumira, m'kamwa mumatuluka fungo ngati la zipatso zopsetsa, kenako amayamba kuwodzera. Mukaona izi musadikire kuti kuche.

Wodwala akalephera kudya, mupatseni phala lamadzimadzi pang'onopang'ono ndi madzi ambiri, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti tikaone mlingo wa mankhwala. Amene amamwa metformin akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri abwerenso msanga, chifukwa nthawi zina timawaimitsa kaye mpaka madzi abwerere m'thupi.

Kusunga ndi kubaya insulini

Insulini anapezeka mu 1921 ku Toronto m'dziko la Canada, pa ntchito ya Frederick Banting ndi Charles Best. Mu January 1922, mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala woyamba kulandira mankhwalawa. Izi zisanachitike, mwana wopezeka ndi shuga wa mtundu woyamba sankakhala nthawi yaitali. Lero dziko lonse limakumbukira matendawa pa 14 November, tsiku lobadwa la Banting, ndipo mu 2020 mutu wa tsikuli unali wokhudza ntchito ya namwino.

Insulini sagwirizana ndi kutentha, komanso amaonongeka akauma ndi kuzizira. Ngati muli ndi firiji, muikeni m'chipinda chamunsi, osati muja mumaumitsa madzi. Ngati mulibe, ikani kabotoloko m'kachitini kotseka bwino, n'kukakwirira mumchenga wonyowa m'kati mwa mtsuko wadothi. Mtsukowo ukhale pamthunzi podutsa mphepo, ndipo mchengawo uzinyowetsedwa tsiku ndi tsiku. Lembani tsiku limene mwatsegula kabotolo, chifukwa pakatha pafupifupi masabata anayi mphamvu yake imayamba kuchepa.

Pali insulini woyera ngati madzi ndi wina wooneka ngati mkaka wosungunula. Wachiwiriyu muzimugubuduza pang'onopang'ono m'zikhatho musanakoke, osamukhutchumula. Woyera uja akachita mitambo, kapena mukaona timibulu m'kabotolo, musagwiritse ntchito. Bayani pamimba kapena pantchafu, ndipo muzisinthasintha malo. Mukamabaya pamodzimodzi pamachita chotupa cholimba, ndipo mankhwala salowa bwino. Singano musabwerekane ndi wina aliyense, ndipo zotha ntchito muziziika m'chigubu chotseka n'kupita nazo kuchipatala.

Mapazi: yang'anani tsiku lililonse

Shuga wokwera kwa zaka zambiri amaononga mitsempha yomvera ndi yoyendamo magazi. Mapazi amachita dzanzi kapena kutentha usiku, kenako amasiya kumva kupweteka. Munthu amaponda minga osadziwa, nsapato imamutupitsa matuza osamva, kapena amapsa akuotha mbaula m'miyezi ya June ndi July. Miyendo yambiri imene imadulidwa chifukwa cha shuga imayamba ndi kachilonda kakang'ono ngati kameneka.

Madzulo alionse yang'anani pamwamba pa phazi, pansi pake, pachidendene ndi pakati pa zala. Ngati simutha kuwerama kapena maso akuvuta, gwiritsani ntchito galasi kapena pemphani wachibale. Madzi osamba muziyamba mwawayesa ndi chigongono. Pukutani bwino pakati pa zala, ndipo mafuta muzidzola pa phazi lonse kupatula pakati pa zalapo. Musayende opanda nsapato ngakhale pakhomo, ndipo muzikutumula nsapato musanavale. Zikhadabo muziwenga mowongoka. Musadule zikundu ndi lezala kapena kuchotsa matekenya ndi singano.

Mukapeza chilonda, kufiira, kutupa kapena chala chikuda, tsukani ndi madzi oyera, phimbani ndi kansalu koyera ndipo bwerani kuchipatala osagonetsa masiku. Musathirepo phulusa, masamba kapena mankhwala a m'makapisozi. Ngati ndinu gadiyani wa wodwala amene sadzuka, muzimutembenuza maola awiri alionse, ndipo zidendene zisamakhudze matiresi.

Mbale yanu

Palibe chifukwa chophikira wodwala shuga mphika wakewake. Chofunika ndi kuchuluka kwa chakudya ndi nthawi yodyera. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru kapena therere. Gawo lotsalalo muligawe pawiri: kwina nsima yaikulu ngati chibakera chanu, kwina nyemba, usipa, mazira kapena nyama yopanda mafuta ambiri. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa uli ndi gaga, koma mitanda itatu ya mgaiwa imakwezabe shuga.

Zakumwa zotsekemera, thobwa lothira shuga, nzimbe ndi uchi zimakweza shuga mofulumira, ndipo shuga wofiirira sasiyana ndi woyera. Nyengo ya mango idyani limodzi laling'ono, osati beseni. Chepetsani mchere ndi mafuta, siyani fodya. Yendani mwandawala mphindi 30 pa tsiku, masiku osachepera asanu pa sabata. Ngati mukufuna kusala kudya, kaya kutchalitchi kaya m'mwezi wa Ramadan, tifunseni kaye kuti tikonze kamwedwe ka mankhwala.

Zimene muyenera kufunsa kukiliniki

Shuga amaononga maso, impso ndi mtima mwakachetechete. Pemphani kuti akuyezeni bipii ulendo uliwonse, ndipo vulani nsapato kuti akuoneni mapazi. Kamodzi pachaka yezetsani impso komanso m'kati mwa maso, ngakhale mukuona bwinobwino. Chithandizo cha maso chimapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Wodwala shuga amatenganso chifuwa chachikulu mosavuta kuposa anthu ena, choncho musanyozere chifuwa chosatha. Ngati mumamwa ma ARV kapena mankhwala ena alionse, nenani. Amayi amene mukufuna kutenga pathupi, bwerani tikhazikitse kaye shuga, chifukwa masabata oyambirira ndi amene ziwalo za mwana zimapangika.

Matenda ena a mahomoni

Insulini ndi mmodzi chabe mwa mahomoni a m'thupi. Chithokomiro cha pakhosi chikamagwira ntchito mopyola muyeso, munthu amaonda, amamva kutentha, manja amanjenjemera ndipo mtima umathamanga. Chikafooka, amanenepa, amamva kuzizira, amadzimbidwa ndipo amangokhala wotopa. Kusowa kwa ayodini kumatupitsa chithokomiro, n'chifukwa chake tizigula mchere wokhala ndi ayodini n'kuusunga m'chotsekera. Amene mumamwa levothyroxine, imwani m'mawa musanadye kanthu. Amene mumamwa carbimazole, mukamva zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi, imitsani ndipo bwerani tsiku lomwelo tidzayeze magazi.

Chenjezo lina ndi la prednisolone. Mankhwalawa amakweza shuga, ndipo munthu akawamwa kwa masabata angapo, tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso timachepetsa kupanga homoni yake. Akawasiya mwadzidzidzi amatha kufooka, kusanza ndi kukomoka. Musamagule mankhwalawa mwachisawawa, ndipo posiya tsatirani ndondomeko ya kuchipatala yochepetsa pang'onopang'ono.

Wodwala amatopa, musamukalipire

Kubaya jakisoni tsiku ndi tsiku, kukana fanta paukwati ndi kufola pamzere wa mankhwala n'kotopetsa. Achinyamata ena amabisa matendawa kusukulu poopa kusekedwa. Ena amasiya mankhwala atamva za wogulitsa zitsamba amene akuti amachiziratu shuga. Shuga sachizika ndi zitsamba, koma munthu wosamalidwa bwino amaphunzira, amakwatira, amabereka ndipo amakalamba. Mukapeza kuti m'bale wanu waphonya mankhwala, mufunseni chimene chavuta, ndipo mubwere naye tidzakambirane. Aphunzitsi, anzake akuntchito ndi apampingo adziwitsidwenso zoyenera kuchita shuga akatsika.

Bambo aja tinawatulutsa atakhazikika, titasintha mankhwala awo. Asanapite, namwino anakhala pansi ndi banja lonse n'kuwaphunzitsa zomwe mwawerengazi. Inunso yambani lero. Ikani maswiti angapo kapena kapepala ka shuga m'thumba la wodwala wanu, pamodzi ndi kakalata konena kuti ali ndi shuga ndi mankhwala amene amamwa. Ndipo madzulo ano, asanagone, muvuleni nsapato muone mapazi ake.