Kuchotsa Madzi a Mvula Pabwalo la Makande

Alimi anzathu a kuchigwa cha Shire ndi ku Phalombe alidziwa bwino dothi la makande. M'chilimwe ling'aluka, koma mvula ikagwa litupa ndi kutseka ming'alu yake, ndipo madzi angoima pamwamba. Madzi otere afewetsa maziko a nyumba, aoletsa mitengo ya nkhokwe ndi ya chigafa, nachititsa nkhungu chimanga ndi fodya. Udzudzu uswananso momwemo.

Masiku ano anthu ena m'matauni ayala udzu wa pulasitiki pofuna kuthawa matope. Udzuwu unatchuka m'chaka cha 1966 pabwalo la masewera la Astrodome ku Houston. Koma tidziwe kuti sumwa madzi. Mvula ipyola m'timabowo take, ndipo ngati pansi pake sanathire miyala yophwanya ndi kukonza potulukira, madziwo angokhala pomwepo.

Nanga ife tichitenji? Choyamba, tithire dothi m'mbali mwa nyumba ndi kulitsendera, kuti litsike mainchesi 6 pa mapazi 10 kuchokera pakhoma. Chachiwiri, tikumbe ngalande yotakata koma yosazama kumtunda kwa bwalo ndi pamene pagwera madzi a padenga. Tiilozetse kudambo kapena ku nthochi zathu, osati pakhomo pa mnansi. Chachitatu, tibzale kapinga m'ngalandemo kuti isasanduke chigwembe. Dzenje longokumba silithandiza pa makande, pakuti lidzaza msanga ndipo lichedwa kuphwa.

Kukumbaku timalize m'mwezi wa Okutobala ngakhale nthaka ili gwa, chifukwa makande akanyowa amatirira kukhasu, ndipo ntchito ya kumunda idzakhala itatichulukira.