Kudziwa Matenda a Njinga Yamoto ndi Kusamala Njinga Yaikulu mu Lusaka

Lero tikamba za njinga yamoto, imene ena amaitcha mthuthuthu. Mukaima pa Cairo Road m'mawa, kapena pa Burma Road pafupi ndi Kabwata, mudzaona njinga zing'onozing'ono zambiri zonyamula makalata, chakudya ndi katundu. Loweruka ndi Lamulungu mumamvanso kulira kwina kwa mawu aakulu m'misewu ya Kabulonga ndi Woodlands. Izo ndi njinga zazikulu, zazitali, za mpando wotsika ndi mahandulo otambalala, zimene pa Chingerezi amazitcha cruiser. Yaing'ono ndi yaikulu zomwe zimadwala matenda ofanana. Kusiyana kwake nkwakuti yaikulu ikadwala imadya ndalama zambiri, ndipo ikalakwa pamsewu sichedwa kutenga moyo. Nchifukwa chake mwini njinga ayenera kudziwa kufufuza vuto mwadongosolo asanathamangire kugalaja.

Kuti injini ilire, imafuna zinthu zinayi: petulo, mpweya, moto wa pulagi, ndi mphamvu ya pisitoni yofinya petulo ndi mpweyawo m'silinda. Chimodzi mwa zinayizi chikasowa, njinga siyaka. Tsono njinga yanu ikakana m'mawa, musafulumire kunena kuti injini yafa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Yambani ndi zinthu zapafupi ndi zotsika mtengo, kumasula injini kukhale komalizira.

Choyamba onani maswitchi. Pa handulo ya kumanja pali switchi yofiira yozimitsira injini, ndipo mwana wosewera pakhomo akhoza kuikankha inu osadziwa. Njinga zambiri zazikulu zimakananso kuyaka ngati zili m'giya mwendo woimikira uli pansi, kapena ngati simunagwire kilatchi. Anthu ambiri alipirapo makaniko chifukwa cha zinthu zazing'ono zotere.

Chachiwiri ndi batire. Tembenuzani kiyi, muone nyali, muimbe hutala. Ngati nyali zikuwala mofooka ndipo sitata ikungogogoda osatembenuza injini, batire yatha mphamvu, kapena mitu yake yamasuka kapena yachita dzimbiri. Palani mituyo ndi kuimanga zolimba. Ngati palibe chilichonse choyaka, onani fyuzi. Kachipangizo koyezera magetsi kotchedwa multimeter sikadula, ndipo nkofunika kukhala nako. Batire yabwino imaonetsa mavoliti 12.6 kapena pafupi pamenepo injini itazima. Injini ikamalira, payenera kuoneka pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ngati nambala siikwera injini ikulira, ndiye kuti zipangizo zobwezera moto m'batire zili ndi vuto, ndipo ngakhale mutagula batire yatsopano idzathanso m'masiku owerengeka.

Chachitatu ndi petulo. Tsegulani thanki muone ndi maso anu, pakuti geji imanama. Njinga zakale zili ndi kampopi pansi pa thanki, ndipo kakatsekedwa petulo safika ku kabureta. Njinga zazikulu zatsopano zilibe kabureta, koma zili ndi pampu imene imamveka kulira pang'ono mukangotembenuza kiyi. Pampuyo ikakhala chete, fufuzani fyuzi ndi mawaya ake. Kumbukiraninso kuti petulo amavunda. Njinga imene yakhala miyezi itatu kapena inayi osayenda imatsekeka timabowo ta m'kabureta, ndipo imangolira choke atakokedwa, mukamubweza nkuzima. Matenda amenewa ngofala pa njinga zazikulu, chifukwa eni ake amazisunga m'galaja sabata yonse, ena nyengo yonse ya dzinja.

Chachinayi ndi pulagi. Itulutseni muyang'ane kunsonga kwake, pakuti pulagi imaulula za m'kati mwa injini monga lilime liululira dokotala za m'thupi. Ikakhala yofiirira pang'ono, zonse zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka kuposa mpweya. Ikakhala yakuda ndi yonyowa oyilo, maring'i a pisitoni kapena zotsekera mavavu zatha. Ikayera mbee, petulo akuchepa ndipo injini ikutentha koposa, chinthu chimene chikhoza kuboola pisitoni. Utsi nawo umanena zofanana. Wakuda ndi wa petulo wochuluka, wabuluu ndi wa oyilo amene akupsa, ndipo woyera wosaleka pa njinga ya radiyeta ndi chizindikiro chakuti madzi akulowa m'silinda. Zonsezi mukaziona zili bwino koma njinga ikukanabe, apo mpamene makaniko ayenera kuyeza mphamvu yofinya ya pisitoni ndi chipangizo chake.

Tsopano tiyeni tione matenda amene amabwera chifukwa cha mzinda wathu weniweniwu. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chotero mpweya umakhala wopepuka. Njinga ya kabureta imene idakonzedwera kumalo otsika, monga ku Durban kapena m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja ku Japan, ikafika kuno imalandira petulo wofanana ndi kale koma mpweya wochepa. Zotsatira zake ndi pulagi yakuda, utsi wakuda ndi kutha kwa petulo msanga. Mankhwala ake si kusintha mapulagi mwezi ndi mwezi, koma kukonzetsa kabureta kuti igwirizane ndi mpweya wa kuno. Njinga zopanda kabureta zimadzikonza zokha, ngakhale kuti nazonso mphamvu imatsika pang'ono.

Fumbi ndi mdani wachiwiri. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mphepo imaulutsa fumbi mumzinda monse, ndipo sefa ya mpweya imatsekeka msanga kuposa mmene buku la njinga limanenera. Sefa ikatsekeka njinga imalefuka ndi kumwa petulo wambiri. Itsukeni kapena isintheni, koma musayende popanda sefa, chifukwa fumbi lolowa m'silinda limapala zitsulo ngati sandipepa.

Mdani wachitatu ndi kuthithikana kwa magalimoto. Njinga zambiri zazikulu zili ndi masilinda awiri oima ngati chilembo cha V, ndipo zina mwa izo zimazizira ndi mphepo yokha, zilibe radiyeta. Injini yotere imafuna kuyenda. Mukaima nayo nthawi yaitali pa Great East Road pochokera ku Chelstone, kapena pa Kafue Roundabout masana a mu Okutobala, imatentha kwambiri, makamaka silinda ya kumbuyo imene mphepo siifika bwino. Mukamva kuti injini ikugogoda mwachilendo kapena ikufuna kuzima, patukani muizimitse ipume. Gwiritsani ntchito oyilo amene buku lanena, ndipo pa njinga imene kilatchi yake imakhala m'oyilo musathire oyilo wa galimoto, chifukwa kilatchi idzayamba kuterera. Ngati njinga yanu ili ndi radiyeta, onetsetsani kuti fani ikuzungulira injini ikatentha.

Mvula imene imayamba mu Novembala mpaka Epulo ili ndi mavuto akenso. Madzi amalowa m'mawaya ndi m'zisoti za mapulagi, njinga nkumadukiza polira. Madzi osefukira m'misewu amabisa maenje, ndipo njinga ya cruiser imayenda pafupi kwambiri ndi nthaka. Ikazima m'madzi akuya musayese kuiliza, pakuti madzi olowa m'silinda safinyika ndipo amapinda zitsulo za m'kati.

Pali matenda ena amene sazimitsa injini, koma ndi amene amapha. Tcheni chikhale ndi mafuta ndipo chisalimbe kapena kulenjekeka koposa. Njinga zambiri zimafuna kuti chizisewera masentimita awiri kapena atatu, koma tsatirani buku lanu. Njinga zina zazikulu zili ndi lamba m'malo mwa tcheni, ndipo kamwala kakalowa pakati kakhoza kumuboola. Buleki ikamamveka yofewa pogwira, m'mapaipi mwalowa mpweya kapena mafuta ake akalamba. Mafutawo asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Matayala ayezedwe mpweya sabata iliyonse asanatenthe. Pambali pa tayala pali nambala zinayi zosonyeza sabata ndi chaka chimene lidapangidwa: 1218 ndiye kuti sabata ya 12 m'chaka cha 2018. Tayala la zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi limauma, ndipo limaterera pamvula ngakhale mizere yake ikuonekabe.

Nanga inu amene mtima wanu uli pa njinga yaikulu, muyenera kudziwa chiyani? Dzina lotchuka pa njinga zoterezi ndi Harley-Davidson, kampani imene idayamba mu 1903 ku Milwaukee m'dziko la America. Makampani a ku Japan adatsatira ndi njinga monga Yamaha Virago, Honda Shadow, Kawasaki Vulcan ndi Suzuki Intruder. Mu 2004 kampani ya Triumph ya ku England idatulutsa Rocket III ya injini ya 2,294 cc, yoposa ya magalimoto ambiri oyenda mu Lusaka. Yerekezani ndi njinga yonyamula katundu ya 125 kapena 150 cc, yolemera makilogalamu 120 kapena kuposerapo pang'ono. Cruiser yaikulu imapitirira makilogalamu 300. Ikagwa pansi, munthu mmodzi amavutika kuidzutsa, ndipo ikakugwerani pamwendo fupa limathyoka.

Walira mvula walira matope. Matayala a njinga yotere ndi aakulu ndi odula, ndipo zipangizo zambiri zimachita kuitanitsa kunja, monga ku South Africa, mwina nkudikira milungu ingapo. Si makaniko aliyense amene ali ndi kompyuta yowerengera matenda a njinga zatsopano. Dziwaninso kuti njinga zambiri za ku America zili ndi mabawuti oyezedwa m'mainchi, ndipo sipanala ya mamilimita imawononga mitu yake. Musanagule, funsani kuti ndani adzakukonzerani ndipo zipangizo zidzachokera kuti.

Pogula njinga yogwiritsidwa kale ntchito kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zitsulo zonyezimira zisakunyengeni. Pemphani kuti ailize injini ili yozizira, inu mukuona. Yang'anani pansi ngati oyilo akudontha, suzumirani m'thanki ngati muli dzimbiri, ndipo yerekezani nambala za pa felemu ndi pa injini ndi zimene zalembedwa m'mapepala. Za kulembetsa njinga, msonkho wa pamsewu ndi layisensi zimayendetsedwa ndi bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la mu 2002. Layisensi ya galimoto siikulolani kuyendetsa njinga yamoto, ndipo inshuwalansi ndi chisoti cholimba cha kumutu ndi zofunika mwa lamulo.

Pomaliza, phunzirani pa njinga yaing'ono musanakwere yaikulu. Ikafika yaikuluyo, yambani mwaizolowera pamalo opanda magalimoto: kutembenuka pang'onopang'ono, kuima mwadzidzidzi, ndi kugwira mabuleki onse awiri pamodzi. Pokhota musaipendeke koposa, chifukwa zopondera zake zimakhudza msewu msanga. Tsiku lililonse musananyamuke, zungulirani njinga yanu muone matayala, mabuleki, nyali, oyilo ndi tcheni. Ntchito imeneyi imatenga mphindi zisanu zokha, ndipo banja lanu limene likukudikirani madzulo ndilo lidzapindula nayo.